Chitseko Cholembedwa Kale

Mlembi ananyamuka pamsasa wa anthu othawa nkhondo dzuwa litalowa kalekale. Anali mtsikana, ndipo dzina limeneli anamupatsa ndi anthu a mumsasamo, chifukwa ntchito yake inali yoyenda tenti ndi tenti, nyumba ndi nyumba, kufunsa mafunso omweomwewo: Muli angati muno? Alipo wodwala? Madzi mukutunga kuti? Mwadya liti komaliza? Akamaliza ankatulutsa choko m'thumba n'kujambula kamzere kozungulira pachitseko, ndi mtanda pakati pake, kuti anzake a m'gulu asadzabwerezenso. Chitseko cholembedwa sichinkagogodedwanso. Limenelo ndilo linali lamulo la ntchitoyo.

Tsikulo linali lomaliza. Mfuti zinali zitayamba kumveka kuseri kwa mapiri, ndipo bungwe lothandiza anthu limene ankaligwirira ntchito linali litalengeza kuti m'bandakucha malole adzanyamula aliyense amene wawerengedwa n'kupita naye kutali. Wosawerengedwa palibe akanamufunafuna. Ungafunefune bwanji munthu amene sukudziwa kuti alipo?

Galimoto ya bungwe inali itathamangira kuchipatala ndi bambo wina amene anakomoka pamzere wa madzi. Dalaivala wake anali mnyamata womwetulira mochedwa, amene Mlembi ankayesetsa kusamuganizira koma n'kumalephera. Asananyamuke anatulutsa mutu pawindo.

"Mundidikire, mwamva? Musayende nokha. Mukasowa inuyo, ndani azindifunsa kuti ndadya liti komaliza?"

"Pitani inu, wodwala akudikira," anatero Mlembi, akubisa kuseka.

Anadikira mpaka udzudzu unamudziwa dzina. Foni inathima. Kenako anakoleka chikwama paphewa n'kuyamba ulendo wa kwa azakhali ake, kumene ankagona, kutsidya kwa mtsinje.

Mwezi unali wathunthu, woyera ngati mbale yotsukidwa kumene. Poyamba ulendo unali wokoma. Mlembi ankayenda akulota: galimoto ikubwera kumbuyo, ikuima, chitseko chikutseguka, ndipo mnyamata uja akunena mawu amene wakhala akuwatafuna masabata onsewa osawameza. Anadziseka yekha. Anadutsa matenti omaliza, anadutsa chigayo chopanda denga, anadutsa sitolo yomwe makoma ake anali ndi mabowo a zipolopolo. Agalu a mumsasa anasiya kuuwa. Kenako ndi nkhululu zomwe zinasiya kulira.

Apa m'pamene anazindikira kuti akumva mapazi ake okha.

Mlatho unali wa matabwa, wautali, ndipo thabwa lililonse linkadandaula ukaliponda. Atafika pakati anaima... Kumapeto kwa mlathowo kunali munthu.

Anali mayi wachikulire, wowonda, wopanda nsapato. Anaimirira chilili, manja ali pachifuwa, ngati munthu amene wadikira nthawi yaitali moti kudikirako kwasanduka ntchito yake. Mlembi anadziuza kuti ndi m'modzi mwa othawa nkhondo. Anthu otere ankawaona tsiku lililonse.

"Mwaswera bwanji, amayi? Mwasokera?"

"Ndinu olemba aja," anatero mayiyo. Silinali funso.

"Eya, ndine."

"Munalemba chitseko. Simunalowe."

Mawu ake anali ouma, ngati masamba akugwa. Anatembenuka n'kuyamba kuyenda, ndipo Mlembi, amene njira yake inali yomweyo, anamutsatira. Matabwa omaliza analira pansi pa nsapato zake. Pansi pa mapazi a mayiyo sanalire.

Anayesa kusaganizira zimenezo. Munthu wowonda chonchi, anadziuza, angalize thabwa?

Fungo linamupeza. Silinali la thukuta kapena la utsi, monga anthu a mumsasa. Linali la dothi lonyowa, pamene mvula inali isanagwe miyezi yambiri. Ndipo monga amachitira munthu wogwidwa mantha, anathawira ku zimene ankazidziwa bwino: mafunso ake.

"Kwanu muli angati, amayi?"

"Tinali awiri. Kenako m'modzi. Kenako palibe." Mayiyo sanacheuke. "Lero awiri."

"Alipo wodwala?"

"Alipo."

"Nanga inuyo... mwadya liti komaliza?"

"Tsiku lomwe munalemba chitseko."

Mlembi anafuna kubwerera, koma kumbuyo kunali mlatho ndi mdima. Anafuna kuthamanga, koma kutsogolo kunali mayiyo. Miyendo inangopitiriza yokha.

Anapatukira kanjira kolowa m'udzu, ndipo Mlembi anaizindikira nyumbayo nthawi yomweyo. Inali ya njerwa, yamalata a dzimbiri, yokhala payokha, khonde lake lotambalala. Masana omwewo gulu lawo linali litafika pamenepo. Mkulu wa gulu anakwera masitepe, anayang'ana chitseko, n'kupukuta thukuta.

"Yalembedwa kale iyi. Wina watitsogolera. Tiyeni, dzuwa likutithera."

Ndipo anapita. Mlembi ndiye anali womaliza kutsika pakhondepo, akuganiza za dalaivala.

Tsopano anayatsa katochi kake kofooka n'kuunika pachitseko. Kamzere kozungulira kanalipo. Mtanda unalipo. Koma atayandikira anaona zimene masana sanazione. Chokocho chinali chachikasu ndi ukalamba. Pamwamba pake panadutsa ulusi wa kangaude, wakale, wolemera ndi fumbi. Khonde linali litachiteteza ku mvula ya zaka ndi zaka.

Chizindikirocho sichinali chawo!

Anthu ena, pa nkhondo ina, ndiwo anachijambula.

"Amayi, chizindikiro ichi..."

Mayiyo anali pambali pake. Pafupi kwambiri. Mlembi sanamumve akukwera masitepe. Anakweza manja ake owondawo, anavula kachingwe m'khosi, n'kumuika m'dzanja. Kunali kiyi. Wozizira ngati wochokera pansi pa chitsime.

"Lero mulowe," anatero.

Ndipo m'katimo munamveka kulira. Kochepa. Kofooka. Ngati kamphaka.

Khanda!

Mantha onse anagwera pansi ngati nsalu. Mlembi analowetsa kiyi pabowo. Anakana. Anapotoza ndi manja onse awiri mpaka zala zinawawa, dzimbiri linakukuta, loko analira, chitseko chinatseguka mokoka ngati chikudzuka ku tulo tatikulu. Mpweya wotentha unamuwomba kumaso.

Tochi inaunika tebulo logwa mwendo, mipando iwiri, kabati yaikulu yokankhidwira kuchitseko cha kuseri. Pakona, pamphasa yong'ambika, panagona mtsikana wamsinkhu ngati wake. Milomo inali itang'ambika ndi ludzu. Pachifuwa pake panali kamwana kokulungidwa mu siketi.

Mlembi anagwada, anatulutsa botolo la madzi m'chikwama, anamudzutsa mutu. Mtsikanayo anamwa akunjenjemera, madzi ena akutsikira m'khosi. Thupi lake linali moto.

"Pang'onopang'ono, achemwali. Mwafika liti muno?"

"Dzana... kapena dzana linzake. Sindikudziwanso." Ankalankhula mopumira. "Ndimapita kumsasa. Matenda anandiyamba panjira. Muno ndi mwathu, ndinakulira muno. Ndinalowera kuseri, ndinakankhira kabati kuchitseko kuopa asilikali. Mwana atabadwa, mphamvu zoikankhanso ndinalibe."

"Masana tinabwera."

"Ndinakumvani. Ndinaitana, koma mawu sanatuluke. Ndinamva bambo wina akuti yalembedwa kale." Anatseka maso. "Ndinati basi, zabwereranso."

"Zabwereranso bwanji?"

Maso a mtsikanayo anali atapita kuchitseko chotsegukacho, kumene mwezi unkalowera. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana Mlembi.

"Mwalowera kumaso?"

"Eya."

"Mwathyola?"

"Ayi. Amayi ena andipatsa kiyi. Ndakumana nawo pamlatho, ndi amene andibweretsa. Ali panjapa." Anatembenuka n'kukweza mawu. "Amayi, lowani, ali moyo onse awiri."

Palibe anayankha.

Anapita pakhomo. Khonde linali lopanda munthu. Udzu unali chiimire, osagwedezeka. Pafumbi la masitepe, pamwamba pa mapazi a masana aja, panali mapazi atsopano a munthu m'modzi, a nsapato. Ake.

Anazula kiyi pachitseko n'kubwerera m'kati. Mtsikana uja anatambasula dzanja. Mlembi anamupatsa. Mtsikanayo anamutembenuza kiyiyo pa kuwala kwa tochi, anagwira kachingweko, anatsatira ndi chala mpaka pamfundo. Inali mfundo yaikulu, yomangidwa mobwerezabwereza, yodzaza dothi.

Anakweza maso n'kuyang'ana Mlembi.

"Anali otani?"

"Achikulire. Owonda. Opanda nsapato."

"Anakuuzani chiyani?"

"Anati... munalemba chitseko, simunalowe."

Mtsikanayo analira kopanda misozi, chifukwa m'thupi mwake munalibe madzi olira nawo. Anakumbatira kiyi pamodzi ndi mwana.

"Nkhondo yoyamba ija ndinali kamtsikana," anatero. "Amayi anadwala, osatha kuyenda. Ananditumiza ndi anthu othawa kuti ndikaitane thandizo, iwo anadzikhomera muno. Njira inatsekedwa, sindinathe kubwerera msanga. Kumsasa ndinkauza aliyense wovala malaya a bungwe kuti amayi anga atsala m'nyumba ya kutsidya kwa mlatho. Anandiyankha kuti nyumba imeneyo yalembedwa kale, mulibe munthu. Amene anabwerayo anagogoda kamodzi, sanamve kanthu, anajambula, anapita."

Mtsikanayo anakoka mpweya n'kupitiriza.

"Titabwerera tinathyola chitseko cha kuseri. Tinawapeza apa. Pamene ndagona inepa." Anakweza kiyi. "Uyu anali m'khosi mwawo. Mfundoyi inatikanika kumasula, ndipo panalibe amene anali ndi mtima wodula chingwe. Tinawaika naye. Manda awo ali kuseriku, pansi pa mtengo wa mandimu. Chitseko cha kumasocho sichinatsegulidwepo kuyambira tsiku limenelo."

Tochi inagwa m'dzanja la Mlembi. Inagubuduzika. Inathima.

Mdima.

Munkangomveka kupuma kwa anthu atatu... ndi fungo lija. Dothi lonyowa. Linali m'dzanja lake lomwe, pamene kiyi anakhudza.

Sanadziwe kuti anakhala choncho nthawi yaitali bwanji. Chimene chinamudzutsa ndi kuwala kumene kunasesa khoma, ndi kulira kwa injini ikulimbana ndi udzu. Chitseko cha galimoto chinamenyedwa. Mapazi anathamanga pamasitepe.

"Mlembi? Muli muno? Ndinati mundidikire, inu simumva..." Dalaivala anaima pakhomo. Anaona mtsikana, anaona khanda, nthabwala inafera pakamwa. "Mayo. Gwirani mwanayo, ine ndinyamula mayi ake. Malole sananyamuke, adokotala ali komweko."

Anamunyamula ngati mtolo wa udzu. Mlembi anatsatira, khanda lili pachifuwa, kamtima kake kakugunda pamwamba pa wake. Pakhonde anaima. Ndi mkono wa malaya anafuta chizindikiro chija, anafuta mpaka thabwa linatsala lokha. Kenako anatsika.

Atakhala m'galimoto, mawu anamubwerera.

"Munadziwa bwanji kuti ndili kuno? Nyumbayi sioneka kumsewu."

"Amayi ena anandiimitsa pamlatho," anatero dalaivala akulowetsa giya. "Pang'ono ndiwagunde, anangotulukira pakati pamsewu. Andilozera kanjiraka. Ndawauza kuti akwere, akana."

Kumbuyo, mtsikana uja anadzutsa mutu.

"Ananena kanthu?"

Dalaivala anakanda kumutu, akuyang'ana akazi awiriwo pagalasi, osamvetsa chifukwa chake nkhope zawo zinali choncho.

"Zachilendo ndithu. Akuti kiyi musawabwezere. Sakumufunanso."