Nyumba ya Malemu Natalia Sinagwe

Madzulo amenewo a Goliati Chimphepo, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Nsaru, anatseka geti la malo awo osungirako zinthu zamakedzana koma sanapite kwawo. Pamalopo panali nkhokwe yoluka, khola la nkhunda, makasu osula pamanja, ndi chimene ankachinyadira koposa zonse: nyumba yozungulira ya malemu Natalia.

Pamwambo wathu, mwini nyumba akamwalira nyumbayo imagwetsedwa kuti mzimu usamabwerere. Koma a Goliati anali nkhutukumve. Ananyengerera abale a malemuyo mpaka anawalola kukweza pangolo denga, chitseko cha nsungwi ndi mafuwa, n'kukaimanganso pamalo awo. Tsopano Wilson, mwana wa malemuyo, anali atasintha maganizo. Ankati akumalota amayi ake, ndipo mawa abwera ndi nkhwangwa.

"Ndigona momwemo," a Goliati anali atauza akazi awo masana. "Tione chimene chindidye."

Anayala mphasa, nazimitsa tochi. Agalu a m'mudzi ankauwa chapatali. Kenaka onse anasiya nthawi imodzi.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Panalibe odi. Munthu sachita odi pakhomo pake.

A Goliati anamva mapazi opanda nsapato. Chinthu cholemera chinaikidwa pansi. Fungo la dothi lonyowa la kudambo linadzaza nyumba yonse. Ndiye kunayamba kumveka dzanja likuzira pansi, kuyambira kumafuwa, kutsata khoma, mosafulumira. Mantha anawagwira a Goliati, tisanamizane. Chala chinali patochi, koma chinakana kudina.

Dzanjalo linafika pamphasa. Linaima.

"Tasunthani pang'ono, bambo," anatero mawu a mayi wokalamba, mwaulemu ndithu. "Pomwe mwagonapa pang'aluka."

A Goliati anasuntha. Nanga akanatani? Anakhala tsonga mpaka tambala analira.

Kutacha Wilson anafika ndi anzake, nkhwangwa zili paphewa. Anapeza mkuluyo ataima pakhomo, maso ali psuu koma mutu uli m'mwamba. Wilson anasuzumira m'kati. Pansi ponse panali posalala, pakadali ponyowa. M'munsi mwa khoma munali mzere wokhotakhota wa dothi lakuda.

"Mzerewu ankaika ndi amayi okha," anatero Wilson. "Mwaona, aphunzitsi? Igwe lero lomwe!"

"Gwetsani," a Goliati anayankha mosatekeseka. "Koma panopa mayi anu akudziwa kofikira. Mukagwetsa, usiku uno akagona kwa yani? Kwa inu, eti?"

Amunawo anayang'anana. Nkhwangwa zinatsika imodzi imodzi.

Nyumbayo ilipo mpaka lero. Ana asukulu amachokera ku Namitete ndi ku Kabudula kudzaiona, ndipo aphunzitsi awo amayamikira kuti pansi pake pamakhala pozira bwino nthawi zonse. Anthu apafupi amangovomera ndi mutu. Amadziwa kuti a Goliati sanalembepo munthu ntchito yozira.