Dikira Chaka Chitembenuke

Basi ya ku Blantyre itaima pa siteji ya Linthipe, munatsika mnyamata atavala jekete yopyapyala, ngati sankadziwa kuti Juni wa ku Dedza alibe chisoni. Esitere, amene ankagulitsa mbatata ya kachewere pamsewupo, anamuona akunjenjemera ndipo analephera kudzigwira.

"Achimwene, kuzizira kwa kuno sikuopa tayi!"

Mnyamatayo anaseka. Anati dzina lake ndi Anselmo Zikhalo, kwawo ndi konkuno ku Kasina, kungoti anachoka ali mwana makolo ake atamwalira. Anabwera kudzamanga chiliza pamanda a mayi ake.

Chikondi choyambira pa ulendo wa kumanda! Wina akanayamba waganiza. Koma Esitere anangoona mano oyera ndi manja osalala, osadziwa khasu.

"Ku Blantyreko mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimalemba mapulogalamu a makompyuta pa kampani ina yaikulu. Mabanki, mafakitale, onse amadalira ife."

"Ndiye kuti mumatayipa makalata?"

"Ayi, duwa langa. Ndimauza makina zochita, iwo n'kumandimvera."

Duwa langa, tsiku loyamba lomwelo! Sanali makina okha amene ankamumvera mnyamata ameneyu.

Chiliza chinatha, koma Anselmo sanaleke kubwera. Mwezi ukatha ankatulukira ndi kabotolo ka mafuta onunkhira, awiriwo n'kukakhala pamwala kuseri kwa munda wa mbatata, nkhungu ikutsika m'phiri.

Chaka chinali 1999, ndipo m'midzi munali manong'onong'o. Ena ankati chaka chikadzatha kudzagwa mdima wa masiku ambiri. Amayi ena anali atayamba kale kusunga makandulo odalitsidwa.

"Kodi n'zoona kuti dziko likutha?" Esitere anafunsa tsiku lina.

"Dziko ayi, koma makompyuta akhoza kupenga," anayankha Anselmo. "Amene anawakonza kale ankalemba chaka ndi manambala awiri okha. Ikadzachoka 99 n'kubwera 00, makina adzayesa tabwerera ku 1900. Malipiro a anthu, magetsi, ndege, zonse bata palibe. Ine ndi anzanga tikufufuza mzere ndi mzere, paliponse pamene pabisala deti. Ntchito yanga ndi kuona ngozi isanafike."

"Nanga ine mwandionera ngozi yanji?"

"Iwe? Ngozi yako ndine, wapamtima, chifukwa sindidzakusiya mpaka imfa."

Esitere anaseka, koma mawu akuti imfa sanamusangalatse.

Mu Okutobala anakwera matola mpaka ku boma, nakalowa m'kanyumba ka lamya pa positi ofesi.

"Anselmo, ndili ndi pakati."

Mu lamyamo munkamveka zala za anthu ena zikugogoda pa makina.

"Usalire, mayi wa ana anga," anatero pamapeto pake. "Mwanayo ndi wanga, iwenso ndiwe wanga. Koma mabwana atseka tchuthi. Aliyense wolemba mapulogalamu sachoka mpaka Januwale. Pa 31 Disembala ndi pa 1 Januwale tidzakhala mu ofesi momwemo, kulondera makina. Dikira chaka chitembenuke, ankhoswe anga adzafika kwa amalume ako."

"Bwanji osatumiza ngakhale uthenga panopa?"

"Pulogalamu yothamangira imagwa, duwa langa. Usauze munthu, ndikonze zonse bwinobwino."

Esitere anamvera. Ku kwaya analeka kupita, ati chifuwa. Chitenje anayamba kumanga mothina.

"Iwe Esitere," anafunsa amayi ake m'mawa wina, "wadzimanga ngati mtolo wa nkhuni bwanji?"

"Kuzizira, amayi."

"Mu Novembala?"

Amayiwo sanafunsenso, koma maso awo ankamutsata pabwalo ponse.

Esitere anabwereranso ku lamya kuja. Ulendo uno anayankha mayi wina wa mu ofesi: "A Zikhalo ali pa msonkhano." Sabata yotsatira, msonkhano. Inayo, msonkhano. Kodi ndi msonkhano wanji wosatha? Pobwerera pa matola Esitere ankadzitonthoza yekha kuti munthu amene wanyamula mabanki a dziko lonse sangapeze nthawi ya lamya. Komabe mantha anali atamulowa, ndipo chakudya chinaleka kumukoma.

Lamulungu lina mu Disembala kunacha ndi mitambo yakuda. Tchalitchi cha Kasina chinadzaza, poti amene sanalape chaka chonse anakumbukira njira. Misa itatsala pang'ono kutha, a Rafaelo, katekisiti, anaimirira kuti alengeze zolengeza. Ananena za ntchito yolambula kumanda, za ubatizo wa ana. Kenaka anakonza magalasi.

"Parishi ina ya ku Blantyre yatipempha kuti tilengeze ukwati, poti mnyamatayu anabatizidwira kuno. Anselmo Zikhalo akufuna kumanga banja ndi Monika Likoswe wa ku Limbe. Ukwatiwu udzadalitsidwa Loweruka, pa 1 Januwale."

Pa 1 Januwale! Tsiku lolondera makina lija!

Katswiri wofufuza mzere ndi mzere anaiwala chinthu chimene mkhristu aliyense wa ku Kasina amadziwa: ukwati wa m'tchalitchi umalengezedwanso kumene munthu anabatizidwira, ngakhale atachokako akuyamwa.

Esitere anagwira benchi ndi manja onse awiri. Pamalata mvula inayamba kugunda.

"Ngati alipo wodziwa chifukwa choletsa ukwatiwu," anapitiriza a Rafaelo, "akaonane ndi abambo mfumu Misa ikatha."

Anthu anaimba nyimbo yotulukira, n'kuyamba kudzazana pakhomo pothawa mvula. Esitere sanasunthe. Amayi ake, amene anakhala pambali pake, anamuyang'ana kumaso, kenaka pamimba.

"Mwini wake ndi ameneyu?"

"Eya, amayi."

"Anakulonjeza?"

"Anati ndidikire."

Amayiwo anapukuta misozi ya mwana wawo ndi chikhatho, naimirira.

"Dzuka. Tiye kwa abambo mfumu."

"Amayi, mudzi wonse udziwa! Komanso ine... ndimamukondabe!"

"Ndikudziwa, mwanawe," anatero amayiwo, atamugwira dzanja molimba. "Dzuka."