Zala pa Jekete ya Flywell

Flywell sankayang'ana chinthu ndi maso onse. Ankatsinzina pang'ono, mutu ataupendeketsa, ngati dzuwa likumuthobwa.

Ndi mmene anamuyang'anira Tadala tsiku limene anayamba ntchito pa situdiyo yojambula zithunzi ya a Musa ku Kawale.

"Chemwali, ukatsinzina pang'ono dziko limakongola," anatero. "Koma inuyo ndiye ndatsinzina pachabe. Ndinu okongola kale!"

Tadala anaseka. Akanatani?

Munali mu 2004. Chaka chisanathe anali atasamuka kwa mkulu wake ku Area 23, n'kukakhala ndi Flywell ku Biwi. Mkulu wakeyo analetsa mpaka mawu kusasa. Koma Flywell anali atalonjeza: "Duwa langa, mvula ikangosiya, chinkhoswe. Ndikanama, maso angawa achite khungu."

M'chipinda chamdima cha situdiyoyo munali makina awiri okulitsira zithunzi. Ena anali a kondensa, okhala ndi magalasi okhuthala. Amenewa ankatulutsa chithunzi chakuthwa, koma sankabisa kanthu: kafumbi, kachipsera, pokalika paliponse. Enawo anali ndi galasi loyera ngati mkaka lomwaza kuwala. Nkhope inkatuluka yosalala, ziphuphu zitazimiririka. Flywell ankangogwira amenewa.

Tsiku lina a Musa anaitana awiriwo.

"Ana anga, ndikutseka. Anthu akufuna zithunzi zamitundumitundu masiku ano, zanga zakuda ndi zoyerazi zatha ntchito. Makina ena ndagulitsa kale, koma wogulayo atenga amene mutasiye inu. Sankhani. Ndiyo mphatso yanga ya chinkhoswe."

Mawa lake Flywell anakajambula ukwati ku Area 25. Masana anatumiza uthenga pafoni: "Mtima wanga, uwauze mdala titenga a mkaka. Kondensa imayalutsa makasitomala. Ndakusowa kale."

Tadala anawerengera a Musa uthengawo. Mkuluyo anakanda ndevu.

"Makina sasankhira pafoni, mwanangu. Tenga negetivi imodzi, kafilimu kotsukira chithunzi kaja, uyese pa makina onse awiri."

Tadala anadziwa yoti atenge. Pomufunsira, Flywell anamupatsa kachithunzi kake atavala jekete yakuda, ali kwawo ku Dowa. Negetivi yake inali m'kabati, yodulidwa mbali imodzi. "Inanyowa, ndinadula poolapo," anamuuza kalelo. Tadala anaganiza zoikulitsa kuti akaipachike pa chinkhoswe.

Anayamba ndi makina a mkaka. Pansi pa nyali yofiira, Flywell anatuluka pang'onopang'ono m'mankhwala, wosalala, akumwetulira. Mwamuna wake ameneyo!

Kenako anaika mu kondensa.

Paphewa la jekete panatuluka timizere tambirimbiri, ngati pomwe nkhuku yapalasa. Fumbi kodi? Anachotsa negetivi, nauzira, napukuta, natsukanso china. Timizere tomwe tija. Anatulutsa chithunzicho panja chikudontha madzi.

Pakati pa timizereto panali zala. Dzanja la mkazi, litagwira phewa la Flywell mosaopa munthu. Pa chala china, kadontho kowala.

Mphete!

"Abambo," anaitana a Musa, "ichi n'chiyani?"

A Musa anayang'ana kamodzi kokha.

"Apa anapala ndi lezala. Munthu akafuna kuchotsa kanthu pa negetivi amatero. A mkaka amakwirira mabala ake. Kondensa siyidziwa chisoni."

"Munkadziwa?"

"Ndinamuona Flywell akupala. Chimene ankapala sindinafunse. Dzulo tulo sindinatione, mwanangu."

Tadala anabwerera mumdima muja. Anatsukanso chithunzicho pa makina a mkaka, kawiri, katatu. Dzanja linasowa. Jekete inali bwinobwino. Anakhala pansi zithunzizo zili pamiyendo. Bwanji sanangomvera uthenga uja? Si bwenzi pano akusankha nsalu ya chinkhoswe?

Flywell anafika kunyumba dzuwa lisanalowe, atanyamula keke ya ku ukwati m'kapepala.

"Switi, ndakubera iyi! Mdala wati bwanji?"

Tadala anamupatsa chithunzi chakuthwa chija. Flywell anatsinzina.

"Tsegulani maso, bambo. Dzanja ili n'la ndani?"

"Mpaka bambo? Tada, ndi mchemwali wanga."

"Mchemwali wanu munamudula ndi sizasi? Munamupala ndi lezala?"

Flywell anakhala pabedi. Keke ija inagwa pansi.

"Dzina lake ndi Tiwale. Makolo ndi amene anandikakamiza. Ine mtima wanga uli kuno."

"Munasiyana?"

"Zili m'manja mwa ankhoswe."

"Ndafunsa kuti munasiyana?"

Flywell anawerama n'kutola keke ija.

"Nanga ana?" anafunsa Tadala.

"Mmodzi. Winayo... ali m'njira."

Ali m'njira! Tadala anakumbukira maliro aja a ku Dowa, amene Flywell ankapitako yekha, n'kubwerako atanyamula mtedza wosenda bwino.

"Duwa langa, tangondipatsa nthawi. Ndikonza. Palibe chimene chimandikanika kukonza."

"Ndaona mmene mumakonzera."

Choipa kwambiri n'chakuti Tadala ankamukondabe. Akanangomugwira dzanja, mwina akanakhala. Koma Flywell anatola chithunzi chija, nachiika patali ndi nkhope, natsinzinanso.

"Komatu ukachionera chapatali sizikuoneka," anatero.

Tadala anakoka chikwama pansi pa bedi. Analonga madiresi ake, nsapato, ndi mbale ziwiri zimene anabwera nazo. Ku Area 23 kunali kumudikira mawu oti "ndinanena ine".

Anatumiza uthenga kwa a Musa: "Abambo, mundisungire kondensa. Ndidzatenga ndekha."

Zithunzi zosalala zija anazisiya pamtsamiro. Chakuthwacho anachilanda m'manja mwa Flywell, nachiika pamwamba pa zovala, kuti tsiku limene adzayambe kumusowa adzachione choyamba.

Anatseka zipi.