Miyendo ya Achimwene

Latif adabwerako ku koleji ndi zinthu ziwiri: satifiketi ya zomangamanga imene palibe adaifunsapo, ndi dzina. Pa mipikisano ya mpira ya makoleji ankamutcha Mwera, chifukwa akautenga mpira otchinga kumbuyo ankagudubuzika ngati mabwato tsiku la mphepo. Koma dzina silidyedwa. Matimu a mu ligi yaikulu adamuitana kukamuyesa ndipo onse adamubweza ndi mawu amodzi. Ankati luso ali nalo koma miyendo ilibe mphamvu, chigawo chachiwiri chikangoyamba amakhala atatha kale.

Choncho adabwerera ku Senga Bay kukadya kwa achimwene ake, Twaibu, amene ankapalasa kabaza pakati pa Salima ndi kunyanja. Chimwalirireni bambo awo, sukulu yonse ya Latif idachokera m'miyendo ya Twaibu. Munthuyo adali ndi akatumba olimba ngati minsi. Ankakweza mayi wageni pamodzi ndi dengu lake la usipa n'kumaimba nyimbo pamtunda.

Tsiku lina kunyanja kudafika Gift, mnyamata amene ku koleji ankangotenthetsa benchi n'kumatungira anzake madzi. Tsopano ankasewera ku Lilongwe ndipo adabwera pa galimoto yakeyake. Adapeza Latif akutembenuza usipa pathandala la alamu ake, Nafisa, mkazi wa Twaibu.

"Aa, Mwera," adatero Gift akutsitsa galasi, "masiku ano wasanduka kamphepo koumitsira usipa?"

Anthu adaseka. Latif naye adaseka, koma njiru idamulowa mpaka m'mafupa. Sabata isadathe adakwera minibasi ya ku Khombedza, kumene kuseri kwa chigayo kunkakhala sing'anga wotchedwa a Chikhulupiriro. Adali bambo waukhondo, wovala malaya osita bwino, wolankhula motsitsa ngakhale chigayo chinkalira.

"Ndikufuna miyendo yosatopa, bambo," adatero Latif. "Ndikufuna ndisewere mpira wa ndalama."

"Miyendo sindipanga, mwana wanga. Ine ndimangosamutsa. Kwanu ndani ali ndi miyendo?"

Sing'angayo adamuyang'anitsitsa, napitiriza.

"Wamutchula kale mumtima. Ndakuona ukumeza malovu."

"Ndi achimwene anga. Koma ndi amene andiphunzitsa sukulu."

"Ndiye kuti adazolowera kukunyamula. Vuto lili pati?"

"Kodi adzafa?"

A Chikhulupiriro adamwetulira. "Wokwera kabaza amafunsa ngati wopalasa watopa? Amangonena kumene akupita. Ukadule kachidutswa ka mphira wa pedulo yawo, pamene phazi limaponda. Chigoli chilichonse chimene udzamwetse chidzakhala mtunda, ndipo wopalasa mtundawo adzakhala iwo. Koma dziwa kuti miyendo ya wakabaza sigona kwa kasitomala. Ligi ikatha, uzichoka pa timuyo n'kukafuna ina."

"Basi zokhazo?"

"Chatsala chimodzi. Mwini miyendoyo usadzamunyamule. Kaya pagalimoto, kaya kumsana, kaya paphewa. Wonyamulidwa ndiwe. Ukadzatembenuza zimenezi, kuno usadzabwere ndi misozi."

Lachisanu, Twaibu ali ku mzikiti, Latif adatenga lezala n'kudula mphirawo. Atapita nawo ku Khombedza, sing'anga adamutema mphini pa akatumba, nasokera mphira uja m'kansalu kakuda koti azikabisa m'sokosi.

Zidayenda, ndipo zidayenda modabwitsa. Timu ina yaing'ono ya ku Kasungu idamutenga, ndipo Latif ankathamanga mpaka wezulo yomaliza osapempha madzi. Chaka chotsatira adali ku Lilongwe, komwe adamukhazikanso Gift pa benchi. Kenako ku Blantyre. Kumeneko masapota adamukonda, adamupekera nyimbo, iye n'kuganiza zokhalanso chaka china. M'mawa wina adatuluka kuti akagule buledi, ndipo adangozindikira ali pa depoti ya mabasi, miyendo itamufikitsa yokha. Sadayesenso. Adapita ku Tete, kuchoka uko ku Zambia. Olengeza mpira pa wayilesi ankamuseka kuti Latif sagula bedi, amangogula chikwama. Iye analibe nazo ntchito, poti timu yatsopano iliyonse inkamupatsa ndalama zosainira.

Kumudzi Twaibu ankamvera mpira pa kawayilesi kake pa siteji ya kabaza. Tsiku limene Latif adamwetsa chigoli chake choyamba mu ligi, Twaibu adadumpha ndi chimwemwe, ndipo potera bondo lidagwedera. Anzake adati ndi kukula. Posakhalitsa adayamba kutsika pamtunda n'kumakankha njinga. Kenako adasiya kukweza amayi a madengu, n'kumangonyamula ana a sukulu. Ligi ya ku Tete isadathe njinga idapachikidwa kudenga, mwini wake akuyenda ndi ndodo. Akatumba aja adafota n'kutsala khungu lolendewera. Kuchipatala adamuyeza magazi, adamujambula, osapeza kanthu. Ku mzikiti adayamba kuswali atakhala pampando pamodzi ndi nkhalamba.

Chopweteka n'chakuti munthuyo sadasiye kunyadira. "Alhamdulillah," ankatero kwa aliyense wobwera kudzamuzonda, "miyendo yanga yatha, koma ya mng'ono wanga ikuyenda." Latif akamwetsa chigoli, Twaibu ankaomba m'manja kwinaku akubuula ndi ululu, osadziwa kuti zonse ziwirizo n'chinthu chimodzi. Latif adamutumizira majezi a matimu onse, foni, ndiponso njinga ya anthu olumala yopalasa ndi manja. Anthu adamuyamikira kuti ndi mwana wokumbuka kwawo.

Sindinganame kuti mtima sunkamutsutsa. Atabwerako ku Zambia n'kuona achimwene ake akudzikoka ndi manja popita kuchimbudzi, adathamangira ku Khombedza.

"Zitheka kubweza?" adafunsa.

"Zitheka," adayankha a Chikhulupiriro. "Kabwezere mphirawo pa pedulo. Sadzapalasanso, koma adzayenda ndi ndodo ndipo adzaona zidzukulu. Iwe ubwerere ku thandala la usipa."

"Nanga ndikasewera chaka chimodzi chokha? Akundifuna ku Joni."

"Mtunda wa ku Joni ndi wautali, mwana wanga. M'miyendo mwawo mwatha. Tsopano uzikatapa m'chifuwa."

Latif adayang'ana kansalu kakuda kaja m'dzanja lake. Kenako adakabwezera m'thumba, natsanzika. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Ku Joni adasewera mu ligi yachiwiri, adamwetsa zigoli zambiri kuposa kale lonse, ndipo ligi itatha adabwera kwawo ndi galimoto yoyera ya mipando yachikopa. Adaiimika pakhomo pa Twaibu, ana akuithamangira. M'nyumbamo adapeza achimwene ake ali pamphasa, akupuma ngati nsomba yovuulidwa. Nafisa adamugwadira pakhomo pomwepo.

"Alamu, Mulungu wakutumani. Chiyambire m'mawa akubanika. Tiwanyamule tithamangire nawo kuchipatala ku Salima."

Latif adakumbukira mawu a kuseri kwa chigayo. "Galimotoyi yavuta, alamu. Ndafika nayo mokakamiza."

"Yavuta? Si iyi mwangoizimitsa pompano?"

"Ndati yavuta. Itanani wakabaza, ndilipira ine."

Nafisa adamuyang'ana osaphethira. Twaibu ndiye adalankhula kuchokera pamphasa paja, mawu akudukaduka. "Usamuvutitse mwanayu, Nafisa. Mipando yake ndi yatsopano. Ndingamuipitsire."

Adaitana Abbas, mnzake wa Twaibu wa pa siteji. Adakhazika wodwalayo pa kaliyala n'kumumangirira ndi chitenje kumsana kwa Abbas, miyendo yofota ija ikulendewera. Latif adaimirira pambali pa galimoto yake n'kumaonerera akupita. Twaibu adatsirizikira panjira, pamtunda womwe uja ankaukwera akuimba.

Maliro a Chisilamu sachedwa. Madzulo a tsiku lomwelo, atamusambitsa ndi kumuswalira, amuna adanyamula jeneza, chonyamulira mtembo, kupita kumanda, akulandirana phewa ndi phewa monga mwa mwambo. Akabaza onse a pa siteji adanyamulako. Latif ankatsalira dala m'mbuyo, nkhope ataibisa m'mpango ngati wolira kwambiri. A shehe adamuona, nabwerera, namugwira padzanja.

"Latif, uyu adakunyamula moyo wake wonse. Iwe ukulephera kumunyamula kuchoka pano kufika pamtengo apo?"

Maso a mudzi wonse adali pa iye. Adalowetsa phewa pansi pa jeneza. Mtembowo udali wopepuka ngati wa mwana, poti Latif yemweyo adali ataudya kale. Wina adamulandira, adafika kumanda, adaika, adakwirira, a shehe adapempha dua, anthu n'kubalalika. Koma Latif poti aweramuke adamva kuti wina wakhala kumsana kwake, manja atamugwira m'chiuno monga amagwirira wokwera kabaza. Kukhutu kwake kudamveka mawu odekha amene ankawadziwa kuyambira ali mwana.

"Tiye, mng'ono wanga. Palasa."

Miyendo idanyamuka yokha. Adathamanga kudutsa galimoto yake, kudutsa Salima, mpaka ku Khombedza, nakagwa pakhomo pa a Chikhulupiriro mapazi akuchucha magazi.

"Atsitseni, bambo. Tengani galimoto, tengani zonse."

Sing'angayo sadadzuke n'komwe pampando. "Ndidakuuza kuti usadzabwere ndi misozi. Wakabaza tsopano ndiwe, ndipo potsikira amanena ndi wokwera. Uwafunse iwowo."

Mpaka lero, mukamayenda pamsewu wa Salima kupita ku Senga Bay, mudzakumana ndi munthu wowerama, wovala jezi yong'ambika yosaonekanso nambala, manja atawatambasula kutsogolo ngati wagwira mahandulo. Amathamanga dzuwa likuswa mtengo, akafika kunyanja amatembenuka, akafika ku Salima amatembenukanso. Zala za kumapazi zina zidathothoka. Akabaza amamupatsa njira koma samupatsa moni. Galimoto ija idaolera pakhomo pa Nafisa, ndipo nkhuku zake zimaikira mazira pa mipando yachikopa. Pamtunda paja wamisalayo amachepetsa liwiro, n'kutembenuza khosi, n'kufunsa mwaulemu wonse: "Mutsika pati, achimwene?" Amamvetsera pang'ono, kenako amalira n'kupitiriza kuthamanga.

Inu achinyamata amene mukuona kuti zanu zikuchedwa, chuma cha mankhwala chilibe chaulere. Chimadya munthu, ndipo chimayambira pa amene amakukondani koposa. Kuli bwino kutembenuza usipa ndi miyendo yako yotopa kusiyana ndi kutchuka pa miyendo ya m'bale wako, chifukwa amene wamukwera lero udzamubereka mpaka kumanda.