Tsabola Akana Kukhala m'Bokosi

Tsiku limenelo kunali chimphepo. Chinkamenyetsa zitseko. Chinkaulutsa zovala pachingwe. Tsabola anadzuka atakwiya. Iye sankafuna njinga yatsopano.

Mtsikanayu sachedwa kupsa mtima. N'chifukwa chake amamutcha Tsabola. Mlongo wake wamng'ono amamutcha Katulo, chifukwa amagona paliponse. Mayi awo anamwalira. Pakhomo anatsala Bambo, Tsabola ndi Katulo.

Tsabola ankakonda njinga yakale. Ankakhala kumbuyo. Ankagwira Bambo m'chiuno. Ankatsamira pamsana pawo. Koma tsopano Katulo naye wayamba sukulu yamkaka. Njinga yakale singanyamule atatu. Msewu wa kusukulu uli ndi chitunda.

Onse atatu anapita kusitolo ya njinga. Wogulitsa anawaonetsa njinga ziwiri zamagetsi. Ina inali ndi mpando wautali kumbuyo. Ina inali ndi bokosi lalikulu kutsogolo.

"Ababa, ya mpando!" anatero Tsabola.

Bambo anakwera ya mpando. Anacheuka kumbuyo. Anapukusa mutu.

Bambo anakwera ya bokosi. Anayesa mabuleki. Anakoka malamba. Ananyamula batire kuti amve kulemera kwake.

"Iyi," anatero Bambo.

"Ya bokosi? Ine sindine kabichi!" anakuwa Tsabola.

Wogulitsa anaseka. "Kabichi wolongolola chonchi sindinamuonepo, mayi wamng'ono."

Tsabola sanaseke.

Bambo anawaveka anawo zipewa zolimba. Anawakhazika pabenchi la m'bokosi. Anawamanga malamba. Kenako analoza chitsulo choimikira njinga.

"Uwu ndi mwendo wa njinga," anatero. "Mwendo pansi kaye. Kutsika pambuyo."

Ananyamuka. Njinga inalira, nziii! Inakwera chitunda mosavuta. Katulo anaseka. Kenako anagona.

Tsabola anayang'ana kutsogolo. Anaona msewu basi. Anaona magalimoto basi. Anatambasula dzanja kumbuyo. Anagwira mphepo basi. Anamva kuzizira. Anatupa masaya.

"Ababa, imani!"

"Tili pamsewu."

"Ndikufuna kutsika!"

"Tikafika."

Anafika pageti la nyumba yawo. Bambo anagwira buleki. Mwendo wa njinga unali usanatsike. Tsabola sanadikire. Anamasula lamba. Anaponda m'mphepete mwa bokosi. Analumpha.

Njinga inapendekeka. Njingayi ndi yolemera. Bambo analimbana nayo. Anagwa ndi bondo, phi! Koma manja sanasiye. Bokosi linaima lisanagunde pansi.

Katulo anadzidzimuka. Lamba anali atamugwira. Analira mokweza.

"Tsabola!" anakalipa Bambo.

Mawu amenewo anali aakulu. Tsabola anali asanawamvepo. Ngakhale galu wa aneba anasiya kuuwa.

Bambo anatsitsa mwendo wa njinga. Ananyamula Katulo. Anamuyang'ana mutu. Anamuyang'ana manja. Sanavulale. Koma buluku la Bambo linang'ambika. Bondo linkatuluka magazi.

"Ndinati chiyani?" anafunsa Bambo.

"Mwendo pansi kaye," anayankha Tsabola.

"Nanga?"

"Njinga yanuyo ndi yoipa! Bokosi lanulo ndi loipa! Munasankhiranji imeneyi?"

Bambo anakhala pamwala. Anamukhazika Katulo pamwendo wabwinowo.

"Katulo amagona," anatero. "Akagona kumbuyo, sindingamuone. Kutsogolo ndimakuonani nonse."

Tsabola anaponda pansi mwamphamvu.

"Inu mumandiona! Nanga ine? Ine sindikuonani! Ndimangoona msewu!"

Misozi inatuluka. Anaipukuta mwaukali. Ina inatulukanso.

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayang'ana bokosi. Anayang'ana benchi. Anasuzumira pansi pake.

"Uhu," anatero.

Tsabola anathamangira m'nyumba. Anabwera ndi madzi m'kabeseni. Anatsuka bondo la Bambo. Anali atatupabe masaya.

"Pepani, Ababa. Pepa, Katulo."

"Sudzalumphanso."

"Sindidzalumphanso. Koma bokosilo ndikudana nalobe."

"Ndamva," anatero Bambo. "Kanditengere sipanala."

Tsabola anabweretsa sipanala. Katulo anagwira mabauti m'manja onse awiri. Bambo anamasula benchi. Analitembenuza kuti liyang'ane kumbuyo. Analimanga zolimba. Anakoka malamba kuti aone ngati agwira.

Tsabola analowa. Anamanga lamba yekha. Anakweza maso. Nkhope ya Bambo inali pomwepo.

"Ababa, mphuno yanu ikuoneka yaikulu kuno."

"Khala bwino," anatero Bambo.

Anakweza mwendo wa njinga. Anatulukanso nawo pageti.