Panka Afuna Kufunditsa Mvuu

Panka anali mtsikana wokonda kufunsa. Ankakhala mumzinda wa Budapest. Ankakhala ndi amayi ake, bambo ake ndi mchimwene wake Vince. Panka anali atangoyamba sukulu. Anali atangoyamba kuwerenga. Ndipo ankafunitsitsa chinthu chimodzi. Ankafuna kuona kamwana ka mvuu.

Kamwanako anakaona pa chithunzi. Chithunzicho chinali pa siteji ya basi. Panka anawerenga mawu ake pang'onopang'ono. Mawuwo ankati ku zuu, kumalo osungirako nyama, kwabadwa mwana wa mvuu.

Kamwanako kanali konenepa. Kanali ndi timakutu ting'onoting'ono. Koma kanalibe ubweya ngakhale pang'ono.

Panka anayang'ana chithunzicho. Kenako anadziyang'ana yekha. Iye anali atavala jekete, chipewa ndi magolovesi. Komabe ankanjenjemera. Kunkagwa sinowo, chipale chofewa choyera. Madzi a m'mbali mwa msewu anali ataundana.

"Amayi, kodi mvuu zimazizidwa?" anafunsa Panka.

Amayi anati sakudziwa. Basi inali itafika, ndipo anamugwira dzanja n'kukwera.

Atafika kunyumba, Panka anafunsa bambo ake. Bambo ankasenda mbatata kukhitchini. Anaganiza pang'ono. Kenako anati mvuu zimavala masokosi aakulu kwambiri. Bambo anaseka okha. Panka sanaseke.

Ndiye Panka anafunsa Vince. Vince anali wamkulu kwa iye, ndipo ankakonda kumuseka.

"Kukazizira chonchi, mvuu imauma gwa ngati nyama ya m'firiji," anatero Vince. "Amadzaisungunula dzuwa likabwera."

"Mukunama, achimwene."

"Ukapita ukaigogode. Ukamva ikulira kuti go, go, go."

Panka anatenga kapu. Anathiramo madzi. Anaiika panja pa windo. Ankafuna kuona chimene chichitike.

M'mawa mwake anatsegula windo. Madzi aja anali atauma gwa. Panka anawagogoda ndi chala. Analira kuti go, go, go.

Panka anaganiza za mvuu. Mvuu zimakhala m'madzi. Madzi amaundana. Nanga kamwana kaja kali bwanji?

Panka anathamangira kwa amayi ake. Anawaonetsa kapu ija. Anawapempha kuti apite ku zuu Loweruka. Amayi anapukusa mutu. Anati kunja kukuzizira kwambiri. Anati Panka sanachire bwino chifuwa. Anati adzapita maluwa akadzayamba kuphuka.

"Amayi, kamwana kaja sikangadikire maluwa," anatero Panka. "Kalibe jekete. Kalibe ngakhale ubweya."

Amayi anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana amayi. Kenako amayi anavomera, koma anati pali zinthu ziwiri. Panka azimwa mankhwala a chifuwa osathawa. Komanso ulendowo aukonze yekha.

Mankhwalawo anali owawa. Panka anatseka maso. Anatsegula pakamwa. Anameza. Nkhope yake inachita makwinya, koma sanathawe. Tsiku lotsatira anamezanso. Sanathawenso.

Tsopano inali nthawi yokonza ulendo. Bambo anatsegula kabati. Anatulutsa mapu akale a zuu. Mapuwo anawagula ali mwana. Anali ong'ambika m'mbali. Bambo anati zuuyo ndi yakale kwambiri, yakale kuposa agogo a Panka.

Panka anayala mapu patebulo. Anayendetsa chala chake pang'onopang'ono. Apa panali geti. Apa panali nyanja yaing'ono. Apa panali phiri la miyala. Ndipo apa panali dziwe. M'dziwemo anajambulamo mvuu.

Panka anati ayambira pomwepo. Vince anakana. Iye ankafuna kuyambira ku njoka. Panka ankaopa njoka. Ankaziopa ngakhale za m'buku.

"Mvuu poyamba," anatero Panka.

"Njoka poyamba, iwe kamantha," anatero Vince.

Anakangana mpaka bambo anagwira mapu kuti asang'ambike. Kenako Panka anaganiza. Anati akayambira ku mvuu, iyenso akalowa m'nyumba ya njoka. Akalowa mpaka m'kati. Sakatseka maso. Vince anamuyang'anitsitsa, kenako anavomera.

Panka anafunsa za kayendedwe. Amayi anati akwera sitima yachikasu ija yoyenda pansi pa nthaka. Panka anafunsa za chakudya. Amayi anati atenga buledi, soseji ndi tiyi wotentha. Panka anafunsa ngati angatengereko mvuu buledi. Bambo anati ayi. Alendo sadyetsa nyama. Nyama zili ndi chakudya chawochawo.

Panka anaika zinthu zake pabedi. Anaika juzi. Anaika masokosi. Anaika magolovesi. Kenako anaima. Chinthu chimodzi chinali chitatsala. Kamwana ka mvuu akatengera chiyani?

Jekete linali laling'ono. Chipewa sichikanakwana. Panka anayang'ana uku ndi uku. Maso ake anafika pa bulangete lake.

Bulangetelo linali labuluu. Linali lofewa. Panka analilandira ali khanda. Sankagona popanda bulangete limeneli. Ngakhale popita kwa azakhali ankalitenga.

Panka analinyamula. Analinunkhiza. Kenako anaitana Vince. Anamupempha kuti agwade pansi ngati mvuu. Vince anadandaula, koma anagwada. Panka anamufunditsa bulangete.

"Matako akuonekera," anatero Vince.

"Kamwanako n'kakang'ono kuposa inu. Kakwana."

Vince analira ngati mvuu ndipo anagubuduka pansi. Panka anaseka. Koma popinda bulangete sanaseke. Analipinda bwinobwino. Analiika pansi penipeni pa chikwama.

Amayi anaona nsonga yabuluu ikutuluka m'chikwama. Anakhala pansi pafupi ndi Panka.

"Mwanawe, ukudziwa kuti ukapereka silibweranso?"

Panka anagwedeza mutu. Misozi inalengeza m'maso mwake. "Ndikudziwa, Amayi. Koma ine ndili ndi bedi. Kamwana kaja kalibe."

Amayi anamusisita tsitsi.

Loweruka linafika. Panka anadzuka ena onse asanadzuke. Anavala juzi. Anavala jekete. Anabereka chikwama. Onse anakwera sitima yachikasu. Sitimayo inkagwedezeka. Panka anakumbatira chikwama chake njira yonse.

Anafika pa geti lalikulu. Pa getipo panali njovu zosema pamwala. Pamitu pawo panali sinowo. Panka anazipatsa moni, koma sanaime. Anali ndi mapu m'manja. Anatsogola, ndipo onse anamutsatira.

Anadutsa nyanja yaing'ono. Inali itaundana. Anadutsa phiri la miyala. Linali loyera mbee. Panka anayamba kuthamanga.

Anafika padziwe la mvuu. Panka anagwira mpanda n'kusuzumira.

M'dziwemo munalibe madzi. Munalibe mvuu. Munali sinowo basi. Khwangwala mmodzi ankayenda pakati pake.

Panka anayang'ana kumanja. Anayang'ana kumanzere. Anayamba kulira. Vince anaima pambali pake. Nthabwala zonse zinamuthera.

"Panka, ndimangokunamiza," anatero Vince motsitsa mawu. "Mvuu siziuma ngati nyama ya m'firiji."

"Nanga zili kuti?"

Bambo anatembenuza mapu uku ndi uku. Amayi anayamba kufunafuna munthu woti amufunse.

Panka anapukuta maso. Ndipo anaona kanthu. Pafupi ndi dziwe panali nyumba yaikulu ya denga lozungulira. Munthu wina anatsegula chitseko chake. Pachitsekopo panatuluka nthunzi. Inali nthunzi yoyera, ngati ya m'ketulo.

Kenako anamva mawu aakulu ochokera m'katimo. Hu, hu, hu, hu.

Panka anakoka dzanja la Vince. Anakankha chitseko ndi phewa. Onse analowa.

M'katimo munali motentha. Magalasi a bambo anachita chifunga, ndipo bambo sankaona kanthu. Munkanunkha udzu ndi ndowe. Vince anatsina mphuno. Panka sanasamale za fungo.

Kutsogolo kwawo kunali dziwe lina. Madzi ake ankafuka nthunzi. Pamwamba pa madzi panali makutu awiri. Panali maso awiri. Panali mphuno yaikulu.

Madzi anagwedezeka. Mvuu yaikulu inadzuka pang'onopang'ono. Ndipo pambali pake panatulukira kamutu kakang'ono. Kanali kamwana kaja. Kanapukusa timakutu take. Kanakwera pamsana pa mayi wake. Kanaterereka n'kugwera m'madzi, phava! Kenako kanakweranso.

Panka anangoti kukamwa yasa. Kamwanako sikankanjenjemera. Kankasewera.

Mayi wina anabwera akukankha wilibala ya udzu. Anali wosamalira mvuu. Dzina lake linali Mayi Etelka. Panka anatsegula chikwama. Anatulutsa bulangete lake labuluu. Analigwira ndi manja awiri.

"Zikomo, Mayi. Ndabweretsera kamwanako ichi. Ndimaopa kuti kazizidwa."

Mayi Etelka anaika wilibala pansi. Sanaseke. Anagwira bulangetelo ndipo anati ndi lofewa zedi. Anathokoza Panka. Koma anati kamwanako kamatafuna chilichonse. Kakatafuna bulangete, kadwala m'mimba.

"Bwera kuno, mwanawe," anatero Mayi Etelka. "Vula golovesi. Gwira apa."

Pakhoma panali paipi yaikulu. Panka anaigwira. Inali yofunda. Anaikapo tsaya lake. Anamva madzi akuyenda m'kati.

Mayi Etelka anati madziwo amachokera pansi pa nthaka. Amachokera kutali kwambiri, kunsi kwa mzinda wonse. Amatuluka ali otentha kale.

"Amawatenthetsa ndani?" anafunsa Panka.

"Palibe munthu. Pansi pa dziko m'potentha."

Panka anayang'ana nsapato zake. Anaponda pansi kawiri. Kunja kuli sinowo, koma kunsi kukutentha! Mafunso anadzaza mutu wake. Kodi madziwo satha? Kodi kamwanako kamagona m'madzi? Kodi kamayamwa bwanji? Mayi Etelka anayankha onse. Anati kamwanako kamatha kuyamwa kali pansi pa madzi. Ngakhale Vince anadabwa.

Pomaliza Mayi Etelka anawauza chinthu china. Anati madzi omwewo amapitanso kumalo osambira a tsidya la msewu. Bambo anavula magalasi. Iwo anasambako kambirimbiri. Sankadziwa kuti amagawana madzi ndi mvuu. Amayi anaseka mpaka anagwira mpanda.

Panka anapinda bulangete lake. Analibwezera m'chikwama. Anatsanzika kamwana kaja. Kamwanako kanatulutsa madzi m'mphuno, kenako kanamira.

Tsopano inali nthawi ya njoka. Panka anali atalonjeza. Analowa mpaka m'kati. Sanatseke maso. Anangofinya dzanja la Vince mwamphamvu. Vince anati dzanja likuwawa, koma sanalichotse.

Atatuluka anakhala pabenchi. Anadya buledi ndi soseji. Anamwa tiyi wotentha. Tsidya la msewu Panka anaona nthunzi yambiri ikukwera kumwamba.

"Ababa, kodi ana amaloledwa kusamba m'madzi a mvuu?"

Bambo anayang'ana amayi. Amayi anamvetsera chifuwa cha Panka. Anati tsiku lonse sanatsokomole.

Mawa lake onse anapita kosambira kuja. Dziwe lake linali panja. Anathamanga kuchokera pachitseko akunjenjemera. Analowa m'madzi. Madziwo anali ofunda bwino. Sinowo ankagwera pamitu pawo n'kusungunuka.

Panka anamira pang'onopang'ono. Anasiya kunja maso ndi mphuno basi. Vince anachita chimodzimodzi. Amayi nawonso anamira. Bambo anamira pomaliza, ndipo madzi anasefukira m'mbali.

Kenako bambo anadzutsa mutu. Anayasamula kwambiri, pakamwa ponse pululu.

"Uyu ndiye bambo wa mvuu," ananong'ona Panka.

Ndipo onse anaseka, hu, hu, hu, hu.