Kazitape M'foni ya Mkazi Wake

Anthu ankangomutchula kuti Injiniya, ngakhale mwiniwake ankakana kuti sanamangepo mlatho. Anali mayi wolemba ndi kukonza mapulogalamu a kompyuta. Mayina a ana akasowa m'makina a sukulu, kapena kompyuta ya pachipatala ikayamba kusokoneza mafayilo a odwala, ankaitana iyeyo. Ankafika ndi laputopu m'chikwama, n'kupempha mpando ndi soketi, ndipo pofika masana vuto linkakhala litatha.

Mwamuna wake anali woika makamera a chitetezo m'masitolo. Anadziwana pantchito, bamboyo ali pamakwerero, Injiniya ali pansi kumuuza kuti walumikiza waya molakwika. Patatha chaka anakwatirana, ndipo Mulungu anawapatsa mwana wamkazi. Zaka zoyambazo bamboyo ankanyadira mkazi wake mosabisa.

"Mutu wa banja ndine," ankawauza anzake, "koma ubongo uli mwa mayi."

Kenako Injiniya anayambitsa misonkhano ya Loweruka masana m'chipinda chapamwamba cha laibulale. Ankaphunzitsa kwaulere aliyense wobwera: ophunzira, osoka zovala, amayi a mabizinezi ang'onoang'ono. Lero kasungidwe ka mawu achinsinsi, sabata ina kapangidwe ka tsamba la pa intaneti. Womuthandiza anali mphunzitsi wa masamu amene onse ankamutcha Wamagalasi, bambo wa ana atatu, wonenepa, wokonda nthabwala, amene ntchito yake inali kunyamula purojekita ndi kuyala mipando. Kamodzi pamwezi, Lamulungu, gulu lonse linkapita kokakwera phiri, kukapumitsa maso ndi kujambulana zithunzi.

Chimodzi mwa zithunzizo ndicho chinabweretsa tsoka. Mchemwali wake wa bamboyo anachiona pa intaneti: Wamagalasi atagwira dzanja la Injiniya, kumuthandiza kudumpha mwala. Anathamanga nacho kwa mchimwene wake.

"Achimwene, inu kulondera masitolo a eni, kwanu mwasiya chitseko chili pululu. Alamu angawa akuphunzitsa makompyuta mpaka pamwamba pa phiri?"

Bamboyo anaseka, koma kuseka kwake sikunafike m'maso. Nsanje ili ngati chiswe. Imadya mtanda mkati penti akadali wowala kunja, ndipo eni nyumba amadziwa denga litawagwera.

Injiniya anayamba kuona kusintha. Akabwera kuntchito, moni unali mafunso. Wachedwa kuti? Kasitomala wake ndi wamwamuna? Wasekeranji pa foni? Atasowa womuuza, anapita kawiri kwa mkazi wa Wamagalasi, namwino wofatsa amene anali atasanduka mnzake, kukapempha nzeru. Maulendo onse awiri ananamiza mwamuna wake kuti ali kwa kasitomala, poopa mkangano. Ili ndilo bodza lokhalo limene ananena m'banja lake, ndipo linamudula.

Sankadziwa kuti mwamuna wake anali atamuikira kapulogalamu kaukazitape m'foni. Kankatumiza mauthenga ake onse ndi malo alionse amene wapondapo. Bamboyo anaona pa mapu kadontho kataima pa nyumba ya Wamagalasi maola awiri. Mapu sananene kuti mwini nyumba anali kusukulu, kapena kuti amayi awiri anali pakhonde, wina akulira wina akutonthoza.

Koma wosula mipeni sumubisira mpeni. Injiniya anaona kuti batire ikutha msanga ndipo foni ikutentha ili m'chikwama. Analumikiza foniyo ku laputopu, ndipo pasanathe theka la ola anakapeza kapulogalamuko. Anakopera zonse n'kusunga. Mwamuna wake atalowa, anamudikira avule nsapato.

"Abambo, mwandiikira chiyani m'foni?"

"Wosalakwa saopa kuonedwa."

"Ndiye ndipatseni yanu ndiikemo chomwecho."

Bamboyo anamenya tebulo. "Kunyumba kwa mphunzitsi uja umakatani? Uja ndiye kasitomala wako?"

"Ndinanama, ndavomera. Ndinapita kwa akazi awo kukadandaula za inu. Aimbireni pompano, nambala ndi iyi."

"Ndiimbire mboni yako? Misonkhano ija ithe. Za kuphiri zithe. Ndalamula."

Injiniya anaimirira. Mawu ake anatuluka owongoka. "Munandipeza ndili ndi laputopu, simunandigulire ndinu. Sindinakuchimwireni ndi munthu aliyense, ndipo sindisiya ntchito yanga kuti ndidyetse maganizo anu. Loweruka ndipita. Khomo la laibulale silitsekedwa, bwerani mudzakhale kutsogolo."

Loweruka limenelo anasintha mutu wa phunziro. Analumikiza foni yake ku purojekita n'kuonetsa anthu makumi anayi mmene kazitape amabisalira, mmene ungamuzindikirire ndi mmene ungamuchotsere. Sanatchule amene anamuikira. Mayi wina wosoka zovala anakweza dzanja mwamanyazi.

"Nanga ngati woikayo ndi amuna ako?"

"Mphete si kiyi wa foni, mayi," anayankha Injiniya. "Amene amakukondani amakufunsani pamaso. Sakutcherani msampha ngati mbewa."

Anthu anaomba m'manja. Apa m'pamene Injiniya anamuona mwamuna wake ataima pakhomo, atavala ovolosi ya kuntchito. Ena amene ankamudziwa anacheuka, n'kuyang'ana pansi. Bamboyo anatsika masitepe, ndipo tsiku limenelo sanabwere kunyumba.

Mawa lake linali tsiku la kuphiri. Injiniya anamanga zingwe za nsapato, n'kumasula, n'kumanganso. Mtima unkamuuza kuti akhale. Koma anadziwa kuti akakhala lero, adzakhala mpaka kalekale. Anasiya mwana kwa mng'ono wake n'kunyamuka.

Dzuwa linali litangokwera pamene gulu linasonkhana poimika magalimoto, m'munsi mwa phiri. Wamagalasi anali atabwera ndi mkazi wake, ndipo ankagawa mabotolo a madzi. Galimoto ya mwamuna wa Injiniya inafika ndi fumbi, makwerero akugogoda pamwamba. Bamboyo anatsika dzanja limodzi lili kumbuyo.

Wamagalasi, munthu wopanda chifukwa ndi aliyense, anapita kukamulonjera atatambasula dzanja.

"Achimwene, mwachita bwino kubwera. Lero tikwere limodzi, mukaone mmene ndimapumira ngati ng'ombe yokalamba."

Chitsulo chomasulira matayala chinatsika kamodzi kokha. Mphunzitsiyo anagwa chagada pamiyala. Mkazi wake, amene anapulumutsa anthu ambiri m'chipatala, anagwada n'kumanga bala ndi mpango wake, koma magazi sanamumvere. Mphunzitsiyo anamwalira asanafike kuchipatala. Wakuphayo sanathawe. Anakhala pansi pafupi ndi tayala, anyamata a gululo atamuzungulira, mpaka apolisi anafika.

Maliro atatha, apongozi ake a Injiniya anabwera ndi mwana wawo wamkazi, wa chithunzi uja. Anakhala pa sofa, maso ali psu.

"Mwananga, zimene unasunga m'makina akozo fufuta. Ukanene kuti amuna awiriwo anamenyana. Ukufuna mdzukulu wanga akule wopanda bambo?"

"Amayi, ana atatu a aphunzitsi aja akula ndi ndani?"

"Alamu, musaiwale kuti moto munayatsa ndinu," analowerera mchemwali uja.

Injiniya anatembenukira kwa iye. "Inu munabweretsa chithunzi, ine ndikapereka laputopu. Aliyense anyamule wake katundu."

M'khoti, loya wa woimbidwa mlandu anayesa kutembenuza nkhani kuti kasitomala wake anachita kuputidwa, kuti anachititsidwa manyazi pagulu mpaka mutu unasokonezeka. Anayandikira pamene Injiniya anaima ngati mboni.

"Mayi, simukuona kuti mukanamvera amuna anu, munthu uja bwenzi ali moyo?"

"Funso limenelo ndadzifunsa tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi itatu," anayankha. "Ndinanama kawiri, ndipo ndinayankhula pagulu mtima uli wowawa. Zimenezo ndi zanga, ndidzafa nazo. Koma chitsulo chija sindinanyamule ndine. Ndikanasiya laibulale, bwenzi atandiletsa makasitomala. Ndikanasiya makasitomala, bwenzi atandiletsa kusuzumira pawindo. Nsanje sikhuta, bwana."

Umboni unali woonekeratu. Bamboyo anakhala akutsata mkazi wake masabata asanu ndi limodzi. M'foni ya bamboyo apolisi anapezamo uthenga wopita kwa mchemwali wake, wolembedwa masiku atatu phunziro la ku laibulale lisanachitike, wonena kuti mphunzitsiyo athana naye. Woweruza anati uku sikunali kupsa mtima kwadzidzidzi, kunali kupha kokonzekera, ndipo anagamula zaka makumi atatu m'ndende.

Apongozi analira mokweza. Bamboyo, ali ndi unyolo m'manja, anatembenuka kufunafuna maso a mkazi wake, mwina poganiza kuti awerama. Injiniya sanawerame. Anakhala chowongoka pa benchi, dzanja lake lili m'dzanja la namfedwa, mpaka chitseko chachitsulo chinatsekeka.

Inu amene mukumva kachiswe kakuyamba kukukutani mumtima, funsani ndi pakamwa, ndipo mukayankhidwa, imvani. Munthu uyu ankaopa kulandidwa mkazi amene palibe ankamulanda. Anapha wosalakwa, anasiya ana anayi opanda bambo, ndipo banja limene ankati akuliteteza analigwetsa ndi dzanja lake lomwe.